Dzanja Limene Ndinakwezera Tomasi

Mwana wanga Aginesi wakhala akuuza anthu kutchalitchi kwawo kuti bambo ake anapita kwa amonke kukagwada ndi kukapepesa. Makutu anga anafa kalekale, koma nkhani yotere imapeza polowera. Choncho ndisanapitirize mbiri ya ntchito yanga, ndati ndilembe mutu uwu kuti inu ana anga ndi adzukulu mudziwe zimene zinachitika. Kupita ndinapitadi. Kugwada sindinagwade, ndipo mawu oti pepa sanatuluke pakamwa panga. Koma kuti mumvetse chimene ndinakachita kumeneko, muyambe mwalowa nane m'shedi yolukira nsalu.

Hartley, m'ma 1970

Ndinachoka ku komboni ya mgodi ku Battlefields ndevu zitangoyamba kumera, osadziwa kulemba ngakhale dzina langa. Bambo anga, amene anabwera wapansi kuchokera ku Nyasalande, anali atayamba kale kutsokomola fumbi la pansi. Anandiuza kuti, "Alufeyo, m'dzenje ndalowa ine, zakwana. Iwe kafune ntchito yoona dzuwa." Ndinafika pa geti la fakitale ya nsalu m'tauni imene lero mukuti Chegutu. Mzungu wa pa geti anandifunsa kuti, "Ini wena funa?" kutanthauza kuti ndikufuna chiyani. Ndinamuyankha m'Chilapalapa cha kumgodi, iye n'kundipatsa tsache. Dzuwa limene bambo ankanena sindinalione, chifukwa mawindo a shedi anali pamwamba, opakidwa penti.

Munthu amene sanalowemo sangamvetse phokoso la m'shedi. Makina ali m'mizere mpaka kumene maso alekeza, onse akuponya shatulo, kamtengo konyamula ulusi kaja, uku ndi uku osapuma. Pansi pamanjenjemera, mano amanjenjemera, ndipo fumbi la thonje limakhala pa nsidze ngati imvi. Tsiku loyamba ndinafuula kufunsa kumene kuli chimbudzi, ine mwini osamva mawu anga. Amene anandimvera chisoni ndi a Yusufu, Myao woluka pa mzere wapakati, amene pambuyo pake tinadzayandikana nyumba ku lokeshoni. Pa nthawi ya tiyi anandikokera panja nati, "Iwe mwana wa Mbewe, m'kati muja khosi ndi lomezera malovu basi. Timalankhula ndi milomo ndi manja. Tayang'ana kuno." Anandiphunzitsa kutsegula pakamwa kwambiri popanda kutulutsa mawu, kuti munthu ali kutali awerenge milomo yanga. Anandionetsa kuti kugwira pachipumi ndiye kuti bwana akubwera, kupota zala ndiye kuti ulusi watha.

Koma chizindikiro chachikulu chinali chimodzi. Woluka ankakweza dzanja lamanja pamwamba pa mutu, chikhatho chotambasula, n'kulizunguza kamodzi. Pamenepo akutanthauza kuti makina anga aima, makanika bwera. Makanika akaliona ankadzimenya pachifuwa kawiri, kunena kuti ndaona, ndikubwera. Lamulo lake silinalembedwe ndi mzungu, tinaliika tokha: dzanja silikanidwa. Woluka ankalipidwa malinga ndi nsalu imene watulutsa, ndiye makina oima anali njala ya ana ake. Ndinaonapo amuna awiri amene analandana mkazi, osapatsana moni kwa zaka, koma wina akakweza dzanja mnzakeyo ankabwera ndi sipanala, n'kukonza, n'kuchoka osayang'anana kumaso.

Kuchoka pa tsache ndinakhala woluka, ndipo ndili woluka ndinakwatira amayi anu, Nabanda. Umakanika unkafuna munthu wowerenga manambala a zitsulo, choncho ndinalowa sukulu ya madzulo ndili ndi ana awiri, kukhala pa benchi limodzi ndi anyamata oti akanatha kunditcha malume. Amayi anu ankaseka ndikamaloweza zilembo ndikusamba. Ndinapirira, ndinakhoza, ndinanyamula sipanala. Kulemba kumene mukuwerengaku ndinakupeza movutikira, n'chifukwa chake sindikutayira pa bodza.

Kadoma, zaka za chilala ndi kaunjika

M'ma 1990 anatisamutsira ku shedi ya ku Kadoma, ine ndi a Yusufu, ndipo tinkakwera basi m'mawa uliwonse kuchokera ku Chegutu. Zinali zaka zoipa. Mvula inakana, thonje la ku Sanyati linkabwera lochepa, zitsulo zatsopano kunalibe, moti tinkaphwasula makina akufa kuti tikonzere amoyo. Pamsika panadzaza zovala za kaunjika, zimene anzathu achishona amati mazitye, ndipo nsalu yathu inkangounjikana m'nyumba yosungira. Anthu ankachotsedwa ntchito mwezi ndi mwezi. Mkulu wa shedi yathu tinkamutcha Chipewa chifukwa sankachivula ngakhale pamaliro. Ife ana a anthu a ku Malawi ankatitcha mabwidi, anthu opanda kwawo, ndipo ankanena akumwetulira kuti usapeze pokwiyira.

Nthawi imeneyo ndi pamene Tomasi anamaliza Folomu 4. Iye ndiye mwana wanga wamwamuna yekha, ndipo ankangokhala pakhomo. Ine ndinali pamzere woti ndikhale folomani, udindo umene ndinaudikira zaka zambiri. Tsiku lina ndinalowa mu ofesi ya Chipewa, ndinavula kapusi yanga, ndinanjuta pansi. Iye anati, "Mbewe, ine anthu ndikuwachotsa, iwe ukundibweretsera wina? Kwanu ku Malawi kulibe minda?" Ndinati, "Kwathu ndi ku Battlefields, bwana." Anaseka, kenako anandiuza kuti ali ndi mphwake amene akufuna ufolomani, ndipo ngati ine sindikadandaula kwa akuluakulu, malo a mnyamata wophunzira umakanika apezeka. Ndinavomera. Sindinauze munthu, ngakhale amayi anu. M'moyo wanga wonse ndagwadira munthu kamodzi, ndipo ndi tsiku limenelo.

Tomasi anali ndi manja abwino kuposa anga. Ankayika chikhatho pa makina n'kudziwa chimene chikudwala. Milomo anaiphunzira msanga, ndipo oluka ankakonda kumukwezera iyeyo dzanja chifukwa ankabwera akuthamanga. Chimene sindinachione ndi choti mtima wake unali kutchalitchi kwa amayi ake, kwa ansembe osakwatira aja. Ine wanga ndi mpingo wa makolo athu, ndipo za kumeneko sindinkazifunsa. Atagwira zaka ziwiri, tsiku lina masana anaima kutsidya kwa mzere, anadikira kuti ndimuyang'ane, n'kunena ndi milomo kuti, "Ababa, ndikusiya ntchito. Ndikupita kwa amonke." Anasankha m'shedi chifukwa kunyumba ankaopa mawu anga. Ndinaponya sipanala pansi, ndinatsegula pakamwa monga anandiphunzitsira a Yusufu, manja akuthandizira, ndinati, "Ukatuluka pa geti la fakitale ino, usadzapondenso pa geti la nyumba yanga."

Zaka zonsezo m'shedi, ndinaiwala chinthu chimene mnyamata wa tsache amachidziwa: m'shedi mulibe kunong'ona. Mawu a pakhosi amafera pomwepo, koma mawu a milomo amafika kukhoma. Nditacheuka ndinaona mitu ikuwerama mzere ndi mzere. Onse anali atawerenga. Pa tiyi ena anati, "Amuna ndi amenewo, a Mbewe!" Ena anangopukusa mitu. Chipewa atamva anandidutsa pafupi nati, "Wagwadira mphepo, Mbewe." Ndikanawanenera kunyumba mawu aja, amayi anu akanawaziziritsa kusanache. Koma anali atalowa m'maso mwa shedi yonse, ndipo munthu amene wataya ufolomani sangatayenso mawu ake.

Mundiweruze mmene mufunira, koma dziwani ichi. Anzathu achishona ntchito ikatha amakwera basi kupita kumudzi kwawo. Ife tilibe mudzi. Manda a bambo anga ku Battlefields anakumbidwa m'mbali ndi ofuna golide, moti lero sindingakulozereni pamene agona. Munthu wopanda munda, munda wake ndi mwana. Dzina la Mbewe linayenda wapansi kuwoloka mitsinje, ndipo Tomasi analitenga kukalitsekera ku phiri, kumene amuna sabereka. Pamenepo ndinakwiya, ndipo mpaka lero ndikunena kuti chifukwa ndinali nacho.

Chegutu, nditapuma ntchito

Fakitale itayamba kutseka ndi kutsegula ngati chitseko cha sitolo yopanda katundu, ndinapuma. Ndinatuluka ndi makutu akufa, penshoni yosagula ngakhale thumba la ufa, ndi mpukutu umodzi wa nsalu yoyera umene ndinasunga pansi pa bedi. Amayi anu ankapita kukaona Tomasi chaka ndi chaka. Sankandipempha, ine sindinkawaletsa. Pobwera ankaika botolo la uchi pa tebulo, ndipo ine uchiwo sindinkaudya iwo akuona.

Nabanda anatisiya m'nyengo yozizira ya chaka chapitacho. Tsiku loika maliro, anthu atadzaza pabwalo, ndinaona munthu wa mkanjo wautali ataima mumsewu, kunja kwa geti. Anali ndi imvi m'mbali mwa mutu. Geti linali lotsegula, ana ankalowa ndi kutuluka, amayi a chigwirizano ankadutsa ndi miphika ya sadza, nsima ya kuno, koma iye anaima phazi limodzi kumbuyo kwa mzere wa geti. A Yusufu, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anandikhalira pafupi n'kundikoka dzanja la jekete kuti ndione milomo yawo. Anati, "Mbewe, mwana uja ali padzuwa. Kodi ukufuna aume ngati nsomba?" Ndinati, "Geti ndi lotsegula." Iwo anati, "Lachitsulolo ndi lotsegula. Iwe ndi galu wokalamba, ukulondera fakitale yoti inatseka." Ndinayang'ana pabwalo n'kuona nkhope za anthu a m'shedi, okalamba ngati ine, onse akundiyang'ana pakamwa. Ndinakhalabe pomwepo. Tomasi anatsatira bokosi kuchokera mumsewu, anaponya dothi kumanda, anandipatsa moni wa manja awiri, n'kukwera kombi, kaminibasi ka kuno, osadya. Kuyambira tsiku limenelo tulo tanga sitinakhalenso tabwino, ndipo sindikufuna kuti wina andifotokozere chifukwa chake.

Kwa amonke, mwezi wa Ogasiti chaka chino

Chiliza cha amayi anu chitamangidwa, ndinatulutsa nsalu yoyera ija kuti tichiphimbe mpaka tsiku lovundukula. Aginesi, amene ndi mwana wanga woyamba ndipo anatengera pakamwa panga, anaima pakhomo la khitchini manja m'chiuno nati, "Baba, zvakwana. Nsalu imeneyo adzavundukula ndi achimwene, ndipo adzadyera m'nyumba muno. Apo ayi, ine ndi ana anga sitibwera, mudzavundukule nokha ndi a Yusufu." Ndinati ndimuyimbire foni. Iye anati, "Foni mumamva inu? Pitani." Ndinamuuza kuti ndipita, koma osati chifukwa wandituma iye. Ndimafuna ndikaone malo amene anandidyera mwana.

Ndinakwera basi m'mawa, kudutsa Selous ndi Norton, kusintha ku Harare, n'kulowera kum'mawa kumene mapiri ali ndi miyala yosanjikizana. Pamene basi inanditsitsa panali msewu wa fumbi, ndipo ndinakwera kumbuyo kwa lole yonyamula feteleza mpaka pa mitengo ya bulugamu yoonetsa njira. Malo ake ndi akale ndithu, sindingawanyoze pa zimenezo. Tchalitchi ndi cha njerwa zofiira zoumba pamanja, zina zikuonekabe zala za amene anaziumba, ndipo makoma ake ndi okhuthala moti m'kati mumazizira ngati m'mgodi. Masitepe anadyeka pakati ndi mapazi a anthu amene anafa ine ndisanabadwe. Kumbuyo kuli munda wa malalanje, ming'oma ya njuchi, ndi manda a amonke oyamba ochokera kutsidya kwa nyanja, mitanda yachitsulo yofanana yonse, ili pamzere ngati makina. Kumapeto kwa mzerewo kuli malo osakumba. Ndinawayang'ana nthawi yaitali, podziwa kuti ena mwa malowo akudikira mwana wanga.

Anandilandira ndi mmonke wachikulire woyang'anira alendo, Bulazala Mateyo, munthu wamfupi woseka ndi maso. Ndinamuuza kuti alankhule akundiyang'ana. Ananditcha sekuru, kutanthauza agogo, nati, "Mwabwera kudzapumula, sekuru?" Ndinati, "Ndinapuma kale. Ndabwera kwa Tomasi Mbewe." Iye anati, "Kuno timamutcha Bulazala Paulo." Ndinati, "Inu mutcheni chimene mufuna. Dzina ndinamupatsa ndine, ali wofiira, inu kulibe." Anaseka n'kundionetsa chipinda, kenako anandifotokozera malamulo: belu likalira aliyense amasiya chimene akuchita, m'makonde salankhula, pa chakudya salankhula, mmodzi yekha amawerenga buku. Anawonjezera kuti alendo ambiri amapeza mtendere m'chete wa kumeneko, ndipo ngati ndili ndi cholemera mumtima, wansembe alipo woti ndikalape. Ndinamuuza kuti, "Chete ameneyo ndi wanu. Ine m'makutu mwanga makina akulukabe. Ndipo cholemera changa ndi changa, ndinachinyamula ndekha pa basi, sindikuchisiya kwa munthu amene sanaberekepo."

Ndinagona kumeneko. M'mawa mwake anandibweretsera Tomasi m'kachipinda ka alendo. Anagwada, anawomba m'manja, nandipatsa moni m'Chishona kuti, "Makadii, baba," kenako anakumbukira n'kutembenukira ku Chichewa, chimene chinali chitachita dzimbiri. Manja ake anali ndi mafuta akuda m'zikhadabo, ndipo ndinamva kuti ndiye amakonza pampu ndi thirakitala ya pamalopo. Ndinagwira mkono wa mkanjo wake, ndinaupotokola pakati pa zala, ndinati, "Nsalu yanji iyi? Wasiya kuluka nsalu kuti uzivala saka?" Anamwetulira ngati amayi ake, ndipo ndinayang'ana kumbali. Ndinamuuza za chiliza ndi tsiku lake. Ndinati ngati pakufunika kupempha kwa mkulu wawo, ine sindipempha mwana wanga kwa mwamuna mnzanga. Iye anati, "Chilolezo anandipatsa kale, Ababa. Kumanda ndibwera. Koma pa geti munaika mawu ndinu." Ndinati, "Mawu a zaka makumi awiri ndi kuposa? Ndiwe mwana iwe?" Anati, "Ndine mwana wanu. Kuno ndinaphunzira kumvera, koma amene anayamba kundiphunzitsa ndinu. Nenani mawu amodzi okha, oti munalakwitsa kapena oti mwawachotsa, ine ndilowa."

Magazi anandikwera kumutu. Ndinamuuza za Chipewa, zimene ndinali ndisanauzepo munthu, za kapusi ndi kunjuta ndi ufolomani. Ndinati, "Ndinagwada kamodzi chifukwa cha iwe. Ukufuna ndigwadenso, kwa iwe?" Anali atangotsegula pakamwa kuti ayankhe pamene belu linalira. Ine sindinalimve, ndinangoona munthu akuimirira mawu ali pakati. Anati, "Pepani, Ababa, ndi nthawi ya mapemphero," n'kutuluka. Ndinatsala ndekha ndi mipando iwiri. Ndinati mumtima, uyu anathawa huta, lipenga la fakitale loitanira anthu ku ntchito, kudzapeza huta ina. Ndinakalongeza chikwama changa n'kuuza Bulazala Mateyo kuti lole ya masana ndikwera. Iye anati ndisapite ndi njala.

Chipinda chodyera ndi chachitali, matebulo awiri m'mbali mwa makoma, alendo kumapeto pafupi ndi chitseko. Amonke anakhala m'mizere, mitu yowerama, mmodzi ataima pa kaguwa akuwerenga buku. Sabata imeneyo Tomasi ndiye ankaperekera chakudya, atavala epuloni pamwamba pa mkanjo, ali kutsidya kwenikweni ndi mbale ya ndiwo. Ndinakhala ndikuyang'ana mizere iwiri ija, milomo ya wowerenga ikuyenda popanda mawu ondifika, phokoso langa la m'makutu likulira monga mwa masiku onse, ndipo ndinaona kuti malo amenewa ndikuwadziwa. Inali shedi. Mwana wanga anali kutsidya kwa mzere, pamene anaima tsiku lija. Ndinaganiza za nyumba ya ku Chegutu, mpando wa Nabanda, makina ake osokera ataphimbidwa ndi chitenje, geti lokwekwereza pansi. Mawu amene ankawafuna ndinalibe, ndipo sindikanawapanga kuti ndimusangalatse. Ndinaika supuni pansi, ndinakweza dzanja lamanja pamwamba pa mutu, chikhatho chotambasula, n'kulizunguza kamodzi.

Mitu ina inadzuka. Wowerenga anaima pang'ono n'kupitiriza. Tomasi anali akuthira ndiwo m'mbale ya mkulu wawo, ndipo ataona dzanja chipande chinaima m'mwamba. Sindinalitsitse, ngakhale phewa langa ndi la nyamakazi. Anaika mbale pa tebulo, anatsegula pakamwa mwa kushedi, nandifunsa ndi milomo kuti, "Chafa n'chiyani?" Ndinamuyankha kuti, "Nyumba yaima." Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinawonjeza kuti, "Waiwala lamulo?" Pamenepo anapukuta manja pa epuloni n'kudzimenya pachifuwa kawiri.

Titatuluka Bulazala Mateyo anandifunsa kuti, "Sekuru, mumafuna mchere? Mukanangoloza." Ndinati, "Ndapeza chimene ndimafuna, ndipo lamulo lanu sindinaswe. Munamva mawu?" Anavomera kuti sanamve. Anandipatsa botolo la uchi, ndinalilandira, ndinakwera lole.

Chegutu, tsiku lovundukula

Anabwera ndi kombi ya m'mawa. Pabwalo panali podzaza: a mpingo wa amayi anu, a mpingo wanga, a bungwe lathu la maliro, ndi anthu a m'shedi amene akali moyo, atakhala pa benchi pansi pa mtengo wa mapeyala, a Yusufu ali pakati ndi ndodo yawo. Ndinamuona akubwera mumsewu ndi kachikwama, ndipo atafika pa geti anaima pamalo pomwe paja, phazi limodzi kumbuyo kwa mzere. Ndinapsa mtima, chifukwa ndinkayesa kuti nkhani tinaithera ku phiri. Aginesi anandiyandikira nati, "Baba, taurai," kutanthauza kuti ndilankhule. Koma ine ndinali nditamvetsa kale. Mawu aja sanawerengedwe ndi amonke. Anawerengedwa ndi anthu a pa benchi aja, ndipo mwanayo, wouma mutu ngati bambo ake, ankafuna kuti omwewo aone.

Ndinaimirira pakhonde. Ndinayang'ana benchi yonse, mmodzimmodzi, kuti pasadzapezeke wonena kuti ndinachita mobisa. Kenako ndinakweza dzanja. Adzukulu anga anayesa kuti agogo akupereka moni, ena mpaka anakweza awo. Koma pa benchi panalibe amene anaphethira. Tomasi anadzimenya pachifuwa kawiri, n'kudutsa. A Yusufu anandiyang'ana nanena ndi milomo kuti, "Wachedwa, galu iwe." Ndinawayankha ndi milomo mawu amene sindingawalembe m'buku la ana.

Atafika pakhonde anandifunsa mokweza, anthu akumva, kuti, "Chafa n'chiyani, Ababa?" Makanika sungamuitane popanda ntchito. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga sipanala yanga yakale, ndinamulozera geti limene lakhala likukwekwereza pansi chichokereni amayi ake. Tinapita kumanda, anavundukula nsalu, anaipinda bwino m'mbali mofanana monga tinkapindira kushedi. Tinabwerera, anadya sadza m'nyumba, pa mpando wa amayi ake. Madzulo anapinda manja a mkanjo n'kumasula geti lonse, anapeza kuti mahinjesi anadyeka, ndipo sitolo za zitsulo zinali zitatseka. M'mawa mwake anayenera kubwerera ku belu lake. Analitsamiritsa getilo kukhoma la nyumba nati adzabwera ndi mahinjesi.

Ndiye Aginesi aleke kuuza anthu kuti ndinapepesa. Za dzina la Mbewe sindinasinthe maganizo, dzina loti Paulo silinatulukebe pakamwa panga, ndipo ndikadzaonana ndi Nabanda tidzakambirana tokha za tsiku la maliro lija. Ndinaitana makanika, makanika anabwera, basi. Mwamuna wa Aginesi wabwera kale kawiri ndi mahinjesi atsopano m'thumba, akuti mbuzi za aneba zikudya masamba ndipo akuba adzalowa. Ndamubweza kawiri konse. Makina amene makanika wina wawamasula, mnzake sawagwira. Mbuzi zidye. Geti likhala pakhomapo mpaka mwini ntchito atabwera.